Mafunso ndi mayankho: n'chifukwa chiyani ndabwereranso ku Things Fall Apart nditakula chonchi

Chiyambireni anthu kundiona ndi kabuku kothaitha pambali pa makina anga osokera kuno ku Chipata mafunso sakutha. Wina wabwera kudzayesa diresi, akangoona buku pafupi ndi sizasi basi wayamba, kodi amayi mwabwereranso kusukulu? Ena ndi anzanga a chilimba, ena ndi ana a asisi anga amene ali ku sekondale manje. Mafunso ake amakhala omwewo ndiye ndati ndiwalembe pamodzi aliyense adziwerengere. Bukulo ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe. Ndinaliwerenga koyamba ndili giredi 11, chaka chino ndaliwerenganso kawiri ndili ndi zaka 46. Ndichenjezeretu, pansipa ndaulula nkhani yonse mpaka mathero.

Mathero mukuwadziwa kale, nanga mukufunamonso chiyani?

Ili ndiye limayamba nthawi zonse. Ku Kulamba ku Mkaika timapita chaka ndi chaka mu Ogasiti, ng'oma zomwezo, magule omwewo, koma simudzamva munthu akuti chaka chino sindipita ndinaonako kale.

Kusukulu sitinali kuwerenga nkhani ayi, tinali kusaka mayankho. Aticha atipatsa manotsi, makhalidwe a Okonkwo awa, zifukwa zimene anagwera izi, ife n'kuloweza usiku ndi kandulo kuti tikapase mayeso, ndipo malo onse amene tinauzidwa kuti sabwera pa pepala tinangodumpha. Manje palibe wondifunsa funso pa mapeto, ndikhoza kukhala pa tsamba limodzi mpaka tiyi kuzizira. Ndipo kudziwa mathero ndiko kumalemeretsa nkhani. Mnyamata uja Ikemefuna akamaphunzitsa Nwoye, mwana wa Okonkwo, kupanga zitoliro za nsungwi ndi kutchera misampha, ukamawerenga koyamba umangoti ana akusewera, koma ukadziwa chimene chikubwera mtima umayamba kuwawa pomwepo, masamba ambiri tsikulo lisanafike.

Kwa ife amene sitinaliwerengepo, nkhani yake ndi yotani?

Linatuluka mu 1958 ku London, Achebe ali ndi zaka 27 chabe. Iye anabadwa mu 1930 ku Ogidi m'dziko la Nigeria, anamwalira mu 2013. Nkhani ndi ya Okonkwo, mwamuna wa mtundu wa Igbo wa ku Umuofia, katswiri wogwetsana, mlimi wa zilazi, wa akazi atatu, amene anayamba wopanda kanthu chifukwa atate ake Unoka sanamusiyire ngakhale nkhokwe. Anakwera ndi thukuta lake, kenako pa maliro mfuti yake inaphulika mwangozi n'kupha mwana wa malemuwo, anamuthamangitsa zaka 7 kupita kwawo kwa amayi ake ku Mbanta. Pobwerako anapeza amishoni ndi boma la azungu zakhazikika, mwana wake Nwoye atalowa kale tchalitchi ali ku Mbanta, mudzi sulinso umodzi. Anapha mesenjala wa boma, ataona kuti anthu ake sadzamenya nkhondo anakadzimangirira.

Ndiye chasintha n'chiyani pakati pa kale ndi lero?

Okonkwo. Ndili mtsikana ndinkamuona ngati mwamuna weniweni, wolimba, wosagwedezeka, anyamata a m'kalasi mwathu ankatchulana dzina lake ponyadirana. Lero ndikuona munthu wamantha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Si mantha a nkhondo kapena a mizimu, ndi mantha akuti anthu angati wafanana ndi atate ake. Ndipo Achebe ananena zimenezi poyera koyambirira kwenikweni, sanabise, ine ndinawerenga, ndinalemba ndi pa mayeso pomwe, koma sindinamve.

Taonani nkhani ya Ikemefuna. Mwana wa eni ake, anaperekedwa ndi a mudzi wa Mbaino ngati dipo pa mlandu wa mkazi wa ku Umuofia amene anaphedwa, iye osadziwako kanthu. Anakhala zaka 3 pakhomo pa Okonkwo mpaka kuyamba kumutchula atate. Mizimu italamula kuti aphedwe, mkulu wina Ezeudu anabwera yekha kudzamuuza Okonkwo kuti iwe usaikepo dzanja, mwanayu amakutchula atate. Panalibe womukakamiza kupita. Mnzake Obierika anakhala kunyumba ndipo palibe anamutcha wamantha. Koma Okonkwo anapita. Mwana amunamiza kuti akubwerera kwawo, wasenza mtsuko wa uchema pamutu, m'njira akuganiza za amayi ake ndi kamlongo kake, akuimba kanyimbo kaubwana mumtima uku akuwerenga mapazi kuti aone ngati amayi ake ali moyo. Chikwanje choyamba chitagwa mtsuko n'kusweka anathawira kwa Okonkwo akufuula atate, ndipo Okonkwo ndi amene anamumaliza, poopa kuti anzake angamuone wofooka.

Ndinatseka buku pamenepa, ndinatuluka panja. Chifukwa ndikuwadziwa amuna otere, ndakula nawo. Atate anga malemu anali munthu wabwino, sitinagonepo ndi njala, fodya ndi nshawa ankalima kuposa aliyense m'mudzi mwathu ku Katete, koma sanandiuzepo ndi tsiku limodzi kuti mwana wanga wachita bwino. Tsiku lomwe ndinapasa giredi 7 anangoyang'ana pepala n'kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola. Patapita zaka amayi ndi amene anandiuza kuti usiku umenewo anapita nalo pepalalo kwa anzawo atatu. Okonkwo naye ankamukonda Ikemefuna, ankamukonda mwana wake wamkazi Ezinma, koma kuonetsa chikondi kwa iye kunali kufooka. Atamupha mwanayo anakhala masiku awiri osadya. Ndili ndi zaka 17 zimenezi zinandidutsa pamutu.

Nanga Unoka uja waulesi, nayenso mwayamba kumuikira kumbuyo?

M'buku langa lakale, pambali pa dzina lake, pali mawu amodzi achizungu amene ndinalemba ndi pensulo otanthauza mlesi. Ndi dzanja langa lomwe, zilembo zozungulira za mtsikana wodziwa zonse. Sindinafufute.

Sindikuti anali bambo wabwino, ana ake ankagona ndi njala ndipo zimenezo si zochepa. Koma ine lero ndili ndi kabuku ka ngongole m'dirowa ya makina, mayina a anthu amene anatenga mayunifolomu mu Januwale n'kulonjeza kuti akagulitsa soya abweretsa, ndipo dzina langanso lili m'kabuku ka munthu wina wogulitsa nsalu. Ndiye pamene mnansi wake Okoye akubwera kudzaitanitsa ngongole yake, Unoka n'kumuonetsa mizere ya choko pakhoma, gulu lililonse la mizere ndi munthu amene ali naye ngongole, kale ndinaseka, lero ndinangoti eee moyo uwu. Munthu ameneyu luso anali nalo, akagwira chitoliro nkhope yake imawala, koma anabadwira m'mudzi umene umayeza munthu ndi nkhokwe za zilazi basi.

Ndipo pali kamalo kamene sindinkakakumbukira n'komwe. Chaka choyamba Okonkwo kulima ndi mbewu yobwereka, dzuwa linawotcha zonse kenako mvula n'kubwera yosalekeza n'kuoletsa zotsala. Amene anamulimbitsa mtima ndi Unoka yemweyo, akudwala, pomuuza kuti kulephera kwa mudzi wonse munthu amapirira, chowawa ndi kulephera wekha. Ife amene tinaona chimanga chikuuma chili chiimire mu 2024 tikudziwa kuti mkuluyo ankanena zoona.

Ndi pati pamene panakugwirani kwambiri?

Pa Ekwefi, mkazi wachiwiri. Kusukulu anali dzina chabe loloweza. Mayi ameneyu anabala ana 10, 9 n'kumwalira ali aang'ono, anatsala ndi Ezinma yekha. Mayina amene ankawapatsa anawo akukuuzani mtima wake, lina lopempha imfa kuti imuchitire chifundo, lina loti zisachitikenso, pomaliza lina loti imfa ichite zimene ikufuna. Ife a Misozi, a Maliro ndi a Mabvuto sitifunika kumasuliridwa zimenezi.

Ine ndinaika mwana mmodzi, wa miyezi 8. Mmodzi chabe, ndipo papita zaka zambiri, koma mpaka lero mwana wanga wotsiriza akatentha thupi usiku sindigona, ndimakhala ndikuika dzanja pachifuwa pake. Ndiye usiku uja Chielo, mkazi wolankhula za mzimu wa Agbala, atabereka Ezinma kumsana n'kulowa naye mumdima, atalamula kuti wina asamutsate, Ekwefi n'kumutsata ndithu usiku wonse, akupunthwa, akuopa, mpaka pakhomo pa phanga n'kulumbira mumtima kuti akangomva mwana akulira alowa kaya kuli milungu yotani, ndinalira ngati ndine. Ndipo ali chidikirire atacheuka anapeza Okonkwo waima kumbuyo kwake ndi chikwanje, nayenso sanagone. Pamenepo pokha m'buku lonse ndi pamene ndinamuona ngati bambo.

Palinso tinthu tating'ono, mayi ndi mwana kudzitsekera kuchipinda kudya mazira mobisa poti ana sankaloledwa mazira. Kwathunso agogo ankatiletsa mazira atsikanafe.

Nkhani ya ku Nigeria ikutikhudza bwanji ife a kum'mawa kuno?

Tisanamizane kuti zonse n'zofanana. Anthu a ku Umuofia analibe mfumu, milandu ankaweruza akuluakulu pabwalo, pomwe ife tili ndi Kalonga Gawa Undi, tili ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni. Iwo mwana ndi wa kuchimuna ngati Angoni, osati ngati ife Achewa. Chakudya chawo chachikulu ndi zilazi, ife chimanga.

Koma tamvani. Okonkwo zitamuvuta anathawira kuti? Kwa malume ake, Uchendu. Ndipo mkuluyo atamuona akungokhala ndwii anasonkhanitsa banja n'kumudzudzula pamaso pa onse, kuti mwana akamenyedwa ndi atate amathawira m'nyumba ya amake, ndiye iwe wabwera kwa amayi ako usatibweretsere nkhope yakugwa, ine ndaika ana 22 koma sindinadzimangirire. Mchewa aliyense amene anakhalapo pansi pamaso pa atsibweni ake amawamva mawu amenewa ndi khutu lina.

Kenako egwugwu, mizimu ya makolo yotuluka itavala kumaso. Wotembenuka mtima wina wotentha magazi dzina lake Enoch anavula mmodzi chophimba kumaso pagulu. Sindinena zambiri, amene munakulira kumene kuli Gule Wamkulu mukudziwa nokha kulemera kwa chinthu chimenecho. Ndili mwana ndinawerenga ngati za kutali, lero thupi linachita tsembwe.

Ndipo nthawi yake ndi yomweyo imene zinkachitika kuno. Mu 1898 Angoni anagonjetsedwa ndi asilikali a azungu, Nsingo mwana wa Mpezeni n'kuphedwa. Mu 1899 amishoni a Dutch Reformed anakhazikika pa Magwero. Tauni yathu ino inatchedwa Fort Jameson. Mfuti, tchalitchi, boma, kutsatana chimodzimodzi ngati m'bukumo. M'bukumo mzungu woyamba kufika kumudzi wa Abame anabwera pa njinga, anthu anamupha n'kumangirira njingayo kumtengo kuti ingathawe kukanena, ndipo pobwezera mudzi wonse unaphedwa pa tsiku la msika. Ndinawerenga zimenezi kunja kwa shopu njinga zonyamula anthu zikudutsa mbali zonse monga mwa masiku onse pa Kapata.

Kanthu kena kamene ndinakaona pano pokha, akuluakulu 6 a ku Umuofia atamangidwa, bwana wa boma analamula chindapusa cha matumba 200 a tizigoba tomwe tinali ndalama zawo, amesenjala popita kukauza anthu anati 250, kuti 50 agawane. Amesenjalawo anali anthu akuda anzawo.

Inu ndinu mayi wa chigwirizano, bukuli silikunyoza mpingo?

Ayi, ndipo amene amatero sanalimalize. Atate ake a Achebe anali mphunzitsi wa mishoni, iye anakulira m'nyumba yachikhristu. M'bukumo muli amishoni awiri osiyana, Mr Brown amene ankakhala pansi ndi akuluakulu kukambirana za Mulungu, anamanga sukulu ndi kachipatala, ndi Reverend Smith amene anabwera pambuyo pake osafuna kumva chilichonse cha eni dziko. Moto unabuka nthawi ya wachiwiriyu.

Ndipo buku silibisa zoipa za mwambo. Mapasa ankatayidwa kunkhalango, Nwoye anamvapo kulira kwawo akuchokera kumunda, kenako mbale wake Ikemefuna n'kuphedwa, ndiye atamva nyimbo ya akhristu mtima wake unapeza pousa. Ine monga mkhristu ndimamumvetsa Nwoye. Koma monga kholo ndimamumvanso Okonkwo atakhala pamoto usiku akuganiza kuti akadzafa ana ake onse adzatsata njira ina, sipadzakhala womukumbukira. Mwana wanga woyamba anasiya mpingo wathu n'kulowa wina, sindinamuthamangitse, timadya mbale imodzi, koma Lamlungu loyamba kukhala pabenchi popanda iye ndinalimva.

Palibe chimene chinakukhumudwitsani powerenganso?

Chilipo. Kumenya akazi. Kale ndinangodutsa poti ndi zimene tinkaona m'mudzi, lero zinandinyansa. Okonkwo anamenya mkazi wake wamng'ono Ojiugo chifukwa chochedwa kuphika atapita kokaluka tsitsi, ndipo analipitsidwa osati chifukwa chomenya mkazi koma chifukwa anamenya m'sabata ya mtendere. Anawomberanso Ekwefi ndi mfuti, mwayi anaphonya. Mkazi wamkulu dzina lake silitchulidwa n'komwe buku lonse, ndi amake Nwoye basi. Ndikanakonda kumva zambiri za m'mitima ya amayi amenewa. Bukuli ndimalikondabe, koma Okonkwo sindingamufunire mwana wanga wamkazi.

Chizungu chake si chovuta?

Ayi. Ngati munafika giredi 9 mulimaliza. Ziganizo zake n'zazifupi, ndipo miyambi ili mbwee moti nthawi zina umachita ngati ukumva agogo akulankhula Chinyanja chovala Chizungu. Mawu a Chiigbo alimo koma nkhani yomwe imakuuza tanthauzo.

Nthawi mumaipeza kuti, ntchito ndi ana zonsezi?

Magetsi akapita makina anga amaima, kale ndinkangokhala ndikudandaula kapena kutsegula Facebook mpaka batire kutha. Manje ndimatulutsa mpando pakhonde. Mitu yake ilipo 25 ndipo yambiri ndi yaifupi, umodzi umatha nyemba zisanapse. Mutu umodzi pa tsiku, mwezi usanathe mwamaliza. Chimene ndinagula ndi magalasi owerengera basi, maso a zaka 46 atatha zaka zambiri akulowetsa ulusi pa singano safanana ndi a giredi 11.

Ndilipeza kuti?

Yambani mwafunsa kunyumba. Langa ndinalipeza m'thiranki ya amayi kumudzi titapita kukakonza m'nyumba, pansi pa zitenje zakale ndi makadi a sikelo, chikuto chodyedwa ndi njenjete pakona, masamba achikasu, likununkha utsi. Ndi la kampani ya Heinemann la m'gulu lija la African Writers Series, limene linayamba mu 1962 ndipo buku loyamba m'gululo linali lomweli. Funsaninso aphunzitsi opuma ntchito, ana a sekondale, ndi ogulitsa mabuku akale m'tauni. Pa foni likhoza kuwerengeka koma ine uthenga wa WhatsApp ukangolowa ndatayika, pepala ndiye limandisunga.

Mukalimaliza pali No Longer at Ease la 1960, nkhani ya mdzukulu wa Okonkwo. Ndilo ndikusaka pano.

Bwanji osabwerera ku mabuku a chilankhulo chathu?

Funso labwino ndipo limandilasa. Si kuti liyenera kukhala la Achebe ayi, bwererani ku limene linakugwirani inuyo. Ena ndi Nthondo la Samuel Ntara, ena munakula ndi nthano za Julius Chongo pa wailesi mu Poceza m'Madzulo, banja lonse litazungulira wailesi imodzi. Vuto ndi lakuti mabuku athu a Chinyanja akusowa kuposa achizungu, ambiri anathera kukulungira fodya ndi kuyatsira mbaula. Amene muli nawo m'mathiranki chonde musataye, ndibwerekeni ndidzabweza.

Mwana wanga ali ku sekondale, ndimupatse pano kapena adikire akule?

Mupatseni pano. Sadzamva zonse, ngati mmene ine sindinamvere, koma kuti adzabwerere ayenera kuyamba wapitako. Musamuuze za mantha a Okonkwo kapena misozi ya Ekwefi, musiyeni akonde zogwetsana ndi dzombe lija linagwa anthu n'kumatola usiku.

Mwana wa asisi anga, wa zaka 16, analimaliza sabata yatha. Anabwera ku shopu atakwiya, ati amayi aang'ono mathero ake ndi oipa, munthu wamkulu chonchija anzake akukana ngakhale kumutsitsa mumtengo mpaka kupempha alendo, ndiye mzungu uja bwana wa boma akuganiza zoti nkhani yake yonse ingakwane ndime imodzi m'buku lomwe akulemba. Ndinamufunsa kuti nanga Unoka wamuona bwanji, anati aaa uja ndi mlesi chabe. Ndinamupatsa pensulo yanga yolembera miyeso ndinati lemba pambalipo pansi pa pomwe ndinalemba ine, uikenso deti.